Masiku anayi pagombe la ku Likoma: madzi ndi mbuna zinandikhutiritsa, koma magalasi awasinthe

Ine ndi mayi a kunyumba tinagona masiku anayi pa loji ina yaing'ono ya m'mbali mwa madzi ku chilumba cha Likoma mu Okutobala, ndipo ndikuipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Yotsalayo ndaimana chifukwa cha zipangizo zosambirira, ndipo ndifotokoza.

Tinakwera Ilala ku Nkhata Bay. Sitimayi yakhala ikuyenda panyanja yathuyi kuyambira 1951, ndipo kukwera kokhako ndi ulendo pawokha. Titatsika, mnyamata wa pa loji anali atatidikirira kale, n'kutisenzera zikwama. Chipinda chinali chaukhondo, neti yopanda chibowo, madzi osamba alipo. Pa izi palibe chonena.

Chomwe tinapitira ndi gombe, ndipo gombelo ndi labata zedi. Kulibe wailesi yokuwa, kulibe wokutsata ndi malonda. Mchenga wake ndi woyera, wotchingidwa ndi miyala ikuluikulu mbali zonse ziwiri, kumtunda kuli milambe. M'mawa ukadzuka umangomva nkhwazi ndi mafunde ang'onoang'ono. Usiku umaona nyali za asodzi a usipa zitandanda patali ngati mudzi woyandama. Mayi a kunyumba anatenga mpando wa pansi pa mtengo tsiku loyamba ndipo anaukakamira mpaka tsiku lonyamuka.

Ndakulira kumtunda. Chambo, usipa, utaka, kampango, zonsezi ndimazidziwira pamsika ndi m'mbale. Ndinali ndisanaonepo nsomba ili kwawo, ikuchita zake. Tsiku lachiwiri mnyamata woperekeza alendo anandipatsa magalasi oonera pansi pa madzi ndi kapaipi kopumira, n'kundiveka jekete yoyandamitsa nditamuuza kuti kusambira sindikudziwa bwino. Sanandithamangitse. Anandiimika pamadzi ofika m'chiuno kwa nthawi ndithu, akuti, “Bambo, lumani kapaipika pang'ono chabe, muzipumira kukamwa. Mphuno muiiwale.” Nditazolowera anandigwira dzanja mpaka pamiyala.

Zimene ndinaona pamenepo ndi zomwe zandichititsa kulemba ndemangayi. Madzi ndi oyera moti mwala uliwonse umaoneka mpaka pansi, ndipo pamwala uliwonse pali mbuna: zabuluu zowala, zachikasu, zamizere yakuda, zina zamawangamawanga. Ndi tinsomba tosatalika kuposa chikhatho, koma tolusa. Yamphongo imakhala ndi mwala wakewake, ndipo inzake ikangoyandikira imaipirikitsa n'kubwerera pomwepo. Zambiri zimakhalira kupala ndere pamiyala ndi timano tawo, mitu pansi michira m'mwamba. Sizithawa munthu. Ukangoyandama phee, zimadutsa pafupi ndi magalasi ako.

Mnyamatayo anandilozera imodzi yomwe inali yotupa kukhosi, yobisala pamng'alu. Titatulutsa mitu anandiuza kuti ndi yaikazi, yasunga ana m'kamwa. Mbuna zimaswa choncho: yaikazi imatola mazira ake n'kuwafungatira m'kamwa kwa milungu pafupifupi itatu, osadya kwenikweni, mpaka ana atakhwima. Ndinabwerera pamng'alupo katatu tsiku limenelo. Pamchenga cha patsogolo anandionetsanso timaenje tozungulira ngati mbale, tomwe nsomba zamphongo za mitundu ina zimakumba pofuna kukopa zazikazi. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo mbuna zambiri zimapezeka pa miyala ya dera limodzi lokha chifukwa sizikonda kuwoloka pamchenga kapena pamadzi akuya. Azungu amalipira ndalama zambiri kuti aziwete m'mabokosi agalasi kwawo. Ife tili nazo pakhomo, ndipo zinandipweteka mumtima kuti ndafika msinkhu uno ndisanazione.

Ubwino wina ndi woti madzi ake alibe mchere. Akalowa m'kamwa kapena m'maso sawawa, zomwe zimathandiza kwambiri munthu wongoyamba kumene.

Tsopano dandaulo langa. Magalasi a pa lojiyi atha ntchito. Oyamba amene anandipatsa ankalowa madzi m'mbali chifukwa labala lake linali litauma. Achiwiri lamba anali womanga mfundo. Achitatu ndi omwe anakhala bwino, koma anali okandikakandika. Zovala kumapazi zonga zipsepse zinalipo za saizi ziwiri zokha, ndipo mayi a kunyumba atafuna kuyesa tsiku lachitatu sanapeze zowakwana. Malo omwe amaitanira anthu kudzaona nsomba sayenera kusunga zipangizo zotere. Ndinawauza a manijala, anapepesa mwaulemu, koma kupepesa sikutseka madzi olowa m'mphuno. Ngati mungathe kugula magalasi anuanu musananyamuke, gulani.

Chakudya chinali chokoma, makamaka kampango wootcha ndi nsima ya kondowole, koma chimachedwa. Itanitsiranitu cha masana mukangomaliza cha m'mawa. Tenganinso ndalama m'manja zokwanira, chifukwa tsiku lina netiweki inavuta moti kulipira pafoni kunakanika mpaka madzulo.

Nyengo muisankhe bwino. Miyezi yozizira mwera umawomba mwamphamvu, mafunde amakula ndipo madzi amavunduka. Ife mu Okutobala tinapeza nyanja ili bata m'mawa uliwonse, koma dzuwa ndi loopsa. Ukayandama chafufumimba sumva kuti msana ukupsa, choncho valani tisheti ngakhale muli m'madzi. Za likodzo musazitenge mwachibwana: panyanja yathuyi lilipo, makamaka m'malo a bango ndi madzi odekha kufupi ndi midzi. Ife titabwerera kwathu tinapita kuchipatala patapita milungu ingapo ndipo anatipatsa mankhwala a likodzo otchedwa praziquantel.

Tsiku lomaliza tinayenda wapansi kupita ku Chipyela kukaona tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter, chomwe anayamba kumanga mu 1903. Kukula kwake pachilumba chaching'ono chonchi kumadabwitsa, ndipo kuchokera chakumeneko mapiri a ku Mozambique amaoneka pafupi kwambiri, pakuti Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Nyamukani m'mamawa ndi botolo la madzi, msewu ulibe mithunzi yambiri.

Malowa ndi oyenera banja kapena munthu wofuna kupuma, ngakhale wosadziwa kusambira, bola akapeze woperekeza woleza mtima ngati amene tinapeza ife. Wofuna zoimbaimba ndi chisangalalo cha usiku akatopa nawo tsiku lachiwiri. Ife tagwirizana zobwererako chaka chamawa ndi ana, titagula magalasi athu anayi.