Makina oyezera mainjekita a common rail patapita miyezi: akatentha amayamba kunama

Valavu ya DRV, yomwe imagwira presha potaya mafuta otsala, yafa pa makina athu oyezera mainjekita a injini za dizilo, ndipo bilu yogulira ina yafika limodzi ndi ya mafuta oyezera atsopano. Makinawa atangobwera ndinawayamikira pa zinthu ziwiri: kuti presha amaigwira bwino, komanso kuti mtengo wake ndi wofikirika. Pa nkhani ya presha sindinasinthe maganizo. Pa nkhani ya mtengo pali zoti tikambirane.

Kwa amene simunawaone, ndi makina apakatikati: mota ya magetsi yoyendetsedwa ndi inverter (chipangizo chosintha liwiro la mota), pampu ya mapulanja atatu, rail yaifupi (payipi yosungira mafuta a presha, yomwe pa injini ya common rail imadyetsa mainjekita onse), thanki ya malita 30, ndi ma flow meter awiri a magiya oyezera kuchuluka kwa mafuta, wina wa mafuta otuluka ku nozo (kunsonga kwa injekita), wina wa mafuta obwerera. Amayeza injekita imodzi pa nthawi.

Mota ndi inverter sizinavutepo. Ma adaputa omwe anabwera nawo amakwana pa mainjekita ambiri a Bosch, Denso ndi Delphi. Mainjekita a mtundu wa piezo omwe amafuna presha ya ma bar 10 ku mzere wobwerera amayezeka bwinobwino, chifukwa kavalavu kosungira preshayo kalipo ndipo sikadontha. Makodi a IMA ndi C2I, omwe amauza kompyuta ya galimoto momwe injekita iliyonse imaperekera mafuta, amatuluka ndipo kompyuta ya galimoto imawalandira. Chitseko mukachitsegula makina amazima okha, ndipo musachilumphitse waya ngakhale chikukuchedwetsani, chifukwa mafuta a presha yaikulu ya mu rail amaboola khungu.

Vuto lili pa kutentha kwa mafuta. Mafuta oyezera si dizilo wamba. Ndi a muyezo wa ISO 4113, ndipo manambala a m'matebulo oyezera amalembedwa mafutawo ali pa madigiri 40, pomwe viscosity yake, kutanthauza kukhuthala kwa mafutawo, imayenera kukhala pakati pa 2.45 ndi 2.75 mm²/s. Mafuta akachoka pa madigiri amenewo, tebulo ndi makina zimasiya kulankhula chimodzi.

Umu ndi momwe zimaonekera. Muyeze injekita makina atangofika pa madigiri 40, ikhoza mayeso onse. Muiyezenso makina atagwira ntchito kwa ola limodzi kapena awiri osapuma, ilephera pa mafuta obwerera. Chosokoneza n'chakuti mafuta otuluka ku nozo pa VL, muyeso wa injini ikamakoka mwamphamvu, sasuntha kwenikweni, ndipo sikirini imangoonetsabe madigiri 40. Munthu ungaganize kuti flow meter wa mafuta obwerera ndiye wapenga. Mukasinthanitsa ma flow meter awiriwo, vuto limakhalabe kumbali ya mafuta obwerera, ndiye si iyeyo ayi.

Chifukwa chake chili m'mayendedwe a mafuta mkati mwa injekita, omwe ndi amitundu iwiri yosiyana kwambiri. Ku nozo kuli timabowo ta mamilimita 0.1 mpaka 0.2, ndipo pa ma bar 1,600 mafuta amadutsamo pa liwiro la mamita 500 pa sekondi kapena kuposerapo. Nambala ya Reynolds, yomwe mumaipeza pochulukitsa liwiro ndi kukula kwa bowo n'kugawa ndi viscosity, imafika cha m'ma 30,000 pa bowo la mamilimita 0.15. Osborne Reynolds anaonetsa ku Manchester mu 1883, pothira utoto m'madzi oyenda m'payipi ya galasi, kuti liwiro likakwera madzi amasiya kuyenda mosalala n'kuyamba chipwirikiti, ndipo m'mapayipi malire ake amakhala cha m'ma 2,300. Nozo ili kutali kwambiri kupitirira pamenepo. M'chipwirikiti chotere, chomwe chimalamula kuchuluka kwa mafuta otuluka ndi presha, kukula kwa bowo ndi kulemera kwa mafutawo. Viscosity ilibe mawu ambiri. Mafuta akatentha ndi madigiri 15, kulemera kwake pa lita kumatsika ndi maperesenti osafika 1.5, ndipo zotsatira zake pa mafuta otuluka zimakhala theka la zimenezo. N'chifukwa chake VL imaoneka yokhazikika.

Mafuta obwerera ndi nkhani ina. Gawo lina la mafutawa limathawira m'timipata ta ma micron 2 mpaka 4 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pakati pa pisitoni ya valavu ndi thupi lake, komanso pomwe singano ya nozo imatsetsereka. M'timipata totere mafuta amayenda mosalala, ndipo pamenepo viscosity ndiye mwini bwalo: ikatsika ndi theka, kutayikira kumawirikiza kawiri. Kukula kwa mpata kumadzichulukitsa kokha katatu (mpata × mpata × mpata), kutanthauza kuti mpata ukakula kuchoka pa ma micron 3 kufika pa 4, mafuta otayikira amachuluka pafupifupi ka 2.4. Ichi n'chomwe chimachititsa kuti muyeso wa mafuta obwerera ukhale wakuthwa pogwira injekita yodyeka. Koma kukuthwa komweko kumaupangitsa kukhala wosachedwa kunamizidwa. Mafuta a ISO 4113 akafika pa madigiri 55, viscosity imatsika kuchoka cha pa 2.6 kufika cha pa 2.0, ndipo kutayikira kwa m'timipata kumakwera ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Si mafuta onse obwerera omwe amakwera chotero, chifukwa ena amadutsa pa kabowo ka valavu yolamulira ya mu injekita ndipo amenewo sasintha kwambiri. Komabe injekita yomwe inali pafupi ndi malire imawoloka. Galaja yosadziwa izi isintha valavu kapena nozo pa injekita yabwinobwino, kasitomala n'kulipira.

Nanga kutenthako kukuchokera kuti? Pampu yamtunduwu ikamazungulira ka 1,000 pa mphindi imakankha pafupifupi lita imodzi pa mphindi. Lita imodzi pa mphindi pa ma bar 1,600 ndi makilowati 2.7. Injekita yomwe ikuyezedwa imagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mafutawo. Ena onse amatayidwa kudzera pa DRV kubwerera m'thanki, ndipo mphamvu yonse yomwe mota inagwiritsa ntchito powapanikiza imasanduka kutentha. M'thanki ya malita 30 muli mafuta olemera makilogalamu 25. Popanda chozizitsa, makilowati 2.7 amawatenthetsa ndi madigiri atatu pa mphindi iliyonse. Chozizitsa chomwe anaika ndi karadiyeta kakang'ono ka fani imodzi. Mwina kakanakwanira pa common rail yoyambirira, yonga ya mu Alfa Romeo 156 JTD ya 1997 yomwe inkafika ma bar 1,350 basi, ngati mukupumitsa makina pakati. Mainjekita a masiku ano amayezedwa pa ma bar 1,800, 2,000 ndi kupitirira, ndipo kutentha kumakwera molingana ndi presha.

Chomwe chimandikwiyitsa si kuchepa kwa radiyetayo, koma malo omwe anaika sensa ya kutentha. Ili m'thanki, pafupi ndi pomwe mafuta ozizitsidwa amagwera. Payipi yoyamwira pampu ili mbali inayo, pafupi ndi pomwe mafuta otentha a ku DRV amalowera, ndipo pakati palibe chotchinga. Sensa ikuuza sikirini zoona za kangodya kake, pomwe pampu ikumwa mafuta ena. Thermocouple (kawaya koyezera kutentha) ya mtundu wa K yomangirira pa payipi yolowa mu pampu, n'kuikulunga bwino kuti mpweya usaifike, inaonetsa madigiri opitirira 50 sikirini ikunenabe 40. Ngati muli ndi makina ofanana ndi awa, yambani ndi muyeso umenewu. Sufuna ndalama zambiri.

Kukonza kwake kuli magawo angapo, ndipo koyamba n'komwe kumathandiza kwambiri. Pampuyi ili ndi valavu ya ZME, yochepetsa mafuta olowa m'mapulanja. Pa mapampu ambiri amtunduwu, valavuyi ikapanda magetsi imakhala yotseguka, choncho pampu imakankha mafuta onse omwe ingathe. Pa makina athu pulagi yake inali chilendelende, yosalumikizidwa kulikonse. Mukaipatsa kachipangizo ka PWM, kosinthira mphamvu ya magetsi opita ku valavu, n'kumawonjezera magetsi pang'onopang'ono mpaka mafuta otayidwa pa DRV atachepa, kutentha kumatsika kwambiri. Musaitseke kwambiri. DRV imafuna kuti pazikhala mafuta otsala oti izitaya kuti ithe kugwira presha, ndipo mukaimana presha imayamba kudumphadumpha, makamaka pa VL. Siyani otsala ochuluka kawiri kapena katatu kuposa omwe injekita ikudya.

Kachiwiri, pa mzere wobwerera ku DRV tinaikapo chozizitsa cha mapuleti cholumikiza ku chiller (makina ozizitsa madzi) ya makilowati atatu. Kachitatu, sensa tinaichotsa m'thanki n'kuiika pa payipi yolowa mu pampu, kuti hita ndi fani zizimvera mafuta enieni omwe akupita ku injekita. Tinawotchereranso chitsulo chopyapyala m'thanki cholekanitsa mbali yobwerera ndi mbali yoyamwira. Mukawotcherera, tsukani thanki mpaka nsalu yoyera izituluka yoyera, ndipo musinthe mafyuluta onse. Kanyenyeswa kachitsulo kamodzi kakwanira kukanda singano ya nozo.

Chitsulo chotchingacho chinathetsanso vuto lina lomwe linkaoneka ngati losagwirizana ndi kutentha. Muyeso wa VE, wa timafuta toyambirira tomwe injekita imalavula isanapereke mafuta enieni, unkasinthasintha popanda chifukwa. Timafutato ndi ta 1 mpaka 2 mm³ pa kulavula kumodzi, ndiye kulavula ka 1,000 kumangopereka mililita imodzi kapena awiri. Kathovu ka mpweya ka mililita 0.1 kakadutsa mu flow meter, muyeso wasokonekera ndi maperesenti 5 mpaka 10. Mpweyawo unkachokera ku payipi yobwerera, yomwe inkathera pamwamba pa mafuta n'kumawapangitsa thovu, pampu n'kumayamwa thovulo lisanasungunuke. Payipiyo muitalikitse kuti ithere pansi pa mafuta, kumbuyo kwa chotchinga. VE ikukhazikika tsopano, ndipo apa makinawa anandidabwitsa: pomwe mpweya wachoka, ma flow meter ake ndi abwino kuposa momwe mtengo wa makina ungakuganizitseni.

Njira yodziwira ngati zonsezi zagwira ndi kusunga injekita imodzi yatsopano yomwe siipita m'galimoto iliyonse. Muziiyeza poyamba ntchito ndi pomaliza, n'kulemba manambala. Akasiyana kupitirira maperesenti ochepa, vuto lili pa makina, osati pa mainjekita a makasitomala.

DRV yomwe yafayi inafa ndi matenda omwewa. Mafuta akamadutsa pa kampira kake kuchoka pa ma bar 1,600 kugwera pafupifupi pa ziro, amapanga timathovu ta nthunzi tomwe timaphulika pa chitsulo n'kumachidya pang'onopang'ono. Ndi cavitation, yomwe imadyanso mkati mwa timabowo ta nozo. Valavu yomwe yakhala miyezi ikumeza mafuta onse a pampu singakhalitse. Zizindikiro zake zinali zoti magetsi ofunika kugwira presha yomweyo ankakwerakwera mlungu ndi mlungu, kenako makina analephera kufika pamwamba penipeni. Titaitsegula, pokhala kampira panali pokumbika mozungulira. Mafuta nawo anada msanga, ndipo mafuta otenthedwa nthawi yaitali amataya tizigawo take topepuka, viscosity n'kuyamba kuchoka pa muyezo ngakhale pa madigiri 40. Mpake kuti mabilu awiriwa abwerera limodzi.

Tsiku lomwe injekita yosungidwa ija yapereka manambala ofanana m'mawa ndi madzulo, ndimaona kuti makinawa ndi abwino ndithu, ndipo ndingawagulenso. Tsiku lowonkhetsa ndalama ndimaona zina. Chiller, chozizitsa cha mapuleti, kachipangizo ka PWM, DRV yatsopano ndi malita 30 a mafuta osinthidwa nthawi isanakwane zadya gawo lalikulu la ndalama zomwe tinkati tapulumutsa posagula makina odula. Ndipo m'menemo simunawerengere masiku omwe makina anaima akukonzedwa.

Wogulitsa tisanalipire ankayankha uthenga nthawi yomweyo. Titadandaula za kutentha anapempha vidiyo, ndipo ataiona anati sikirini ikuonetsa 40, ndiye palibe vuto. Tinamutumizira chithunzi cha thermocouple, iye n'kutumiza pulogalamu yatsopano yomwe inangopangitsa fani kuyaka msanga. Za pulagi ya ZME anati pa makina amtundu uwu siigwiritsidwa ntchito, ndipo kuti amene akuifuna agule makina okulirapo. DRV anavomera kuti ili pa waranti, koma ndalama zotumizira n'zathu, ndipo zikungotsala pang'ono kufanana ndi mtengo wa valavuyo. Pa zochotsa sensa m'thanki anachenjeza kuti waranti ya gawo la magetsi yatha pomwepo.

Amene mukufuna kugula makina otere, musamalize kulipira musanaone mayeso awa: makina ayende pa ma bar 1,600 kwa ola lathunthu, thermocouple yanuyanu ili pa payipi yolowa mu pampu, ndipo injekita imodzi iyezedwe poyamba ndi pomaliza. Mufunsenso ngati ZME imalamulidwa ndi makinawo, ndipo yankho likhale lolembedwa. Ifeyo tauzidwa kuti matebulo atsopano a mainjekita azilipiridwa chaka ndi chaka kuyambira chaka chachiwiri, zomwe sizinatchulidwe pogula. Tamulembera wogulitsa kuti achotse mtengo wa chozizitsa pa ndalama imeneyo, ndipo sitilipira mpaka atayankha.