Miyezi 14 ndi makina okumbira a Komatsu PC200: zomwe ndaona pa mota za hayidiroliki

Makina okumbira a Komatsu PC200 omwe ndili nawo ndinawagula pakati pa chaka cha 2023 atagwira kale ntchito kunja, ndipo anthu kuno amangowatchula kuti katapila, monga momwe timatchulira makina alionse achikasu oyenda pa matcheni. Ndakhala ndikukumbira maziko a nyumba ndi ngalande ku Area 49, Area 25 ndi cha ku Njewa, kumene mzinda wa Lilongwe ukukulira. Patatha miyezi 14, ndinganene mosakayika kuti makinawa ndi olimba, koma chomwe chinandidyera ndalama zambiri si injini, monga ndinkaopera, koma mota imodzi ya hayidiroliki yomwe sindinkaiganizira n'komwe.

Pa injini ndilibe dandaulo. Imadzuka m'mawa popanda kunyengerera ngakhale mu June kukazizira, ndipo mphamvu yake pa dothi la katondo ndi yokwanira makina olemera matani pafupifupi 20. Chovuta chakhala kusowa kwa dizilo, komwe kunatikhazika pansi masiku angapo, koma limenelo si vuto la makina.

Makina amtunduwu ali ndi mota zitatu zoyendera oyilo: ziwiri zimayendetsa matcheni, imodzi kumanzere ina kumanja, pamene yachitatu imazungulitsa thupi la makina. Pampu imakankha oyilo mwamphamvu yoposa mabaa 300 (baa ndi muyezo wa mphamvu yokankhira), ndipo mkati mwa mota muli mapisitoni omwe amatsetsereka pa mbale yopendekera, motero timipata ta pakati pa zitsulozo n'tating'ono kwambiri kotero kuti fumbi losaoneka ndi maso limakwanira kuzipala. Ine izi ndinazidziwa mochedwa. M'mwezi wachisanu ndi chinayi, woyendetsa makina anandiuza kuti, "Bwana, ndikakankha zogwirira zonse ziwiri mofanana, makina akukhotera kumanzere, ndipo pokwera chitunda mbali imeneyo ikufooka." Ndinamuyankha kuti amalize kaye ntchito yomwe tinali nayo, ndipo masabata awiri amenewo ndi omwe anamaliza kuwononga motayo.

Makaniko yemwe ndinamuitana kuchokera ku Kanengo sanathamangire kumasula chilichonse. Anayamba wachotsa paipi yaing'ono yobweza oyilo wodontha mkati mwa mota kupita ku thanki, n'kuilozetsa m'ndowa, ndipo anayerekeza mbali ziwirizo: ya kumanja inkatulutsa oyilo wochepa, koma ya kumanzere inkathira ngati mpopi. Kenako anadula fyuluta n'kutambasula pepala lake padzuwa, ndipo ndinaona ndi maso anga tizidutswa tonyezimira ngati mkuwa titamwazika m'mapindidwe ake. Anati, "Akulu, izi ndi nsapato za mapisitoni zomwe zatha, ndipo tizitsulo timeneti tayenda kale m'mapaipi onse." Mawu amenewa anandilasa mtima chifukwa ndinadziwa kuti kusintha mota yokha sikukanakwanira, tinayenera kutsuka thanki, kukhetsa oyilo yense ndi kusintha mafyuluta onse, apo ayi mota yatsopanoyo ikanafa imfa yomweyo.

Titafufuza gwero lake, ndinapeza kuti mlandu unali wanga. Paipi ina itaphulika m'chilimwe, tinawonjezera oyilo wogula pamsika m'chigubu chomwe kale munali dizilo, tikuthira ndi fanulo yomwe inkagona pa fumbi. Chachiwiri, pofuna kupulumutsa ndalama ya lowbed, lole yonyamulira makina olemera, ndinalola kuti makina adziyendere okha mtunda wautali kuchoka pa malo ena kupita pa ena dzuwa la October likuswa mtengo, pamene mota zoyendetsa matcheni zinapangidwira kusuntha pang'onopang'ono pamalo antchito, osati ulendo. Chozizitsira oyilo nachonso chinali chitatsekeka ndi fumbi ndi zinyalala za mapesi, choncho oyilo ankatentha n'kupyapyala, osatetezanso zitsulo.

Kupeza mota ina kunali chintchito. Kwacha inali itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama zakunja zinkavuta, ndipo mota yokonzedwanso yomwe ndinaitanitsa ku Johannesburg inatenga pafupifupi mwezi kuti ifike. Nthawi yonseyo makina anali chiimire, woyendetsa akulandira malipiro, ndipo makasitomala awiri anapita kwa ena. Ubwino wa mtundu umenewu ndi woti ndi wofala, motero amakaniko athu amaudziwa ndipo zipangizo zake zimapezeka. Ndikanakhala ndi makina osadziwika bwino, mwina akanakhala panja mpaka lero.

Chiyambire pamenepo ndinasintha kasamalidwe. Oyilo wa hayidiroliki ndimagula wa nambala 46 kapena 68 m'mgolo wosatsegula, ndipo fanulo yake imakhala m'pulasitiki yomanga. Paipi ikamasulidwa, timatseka kukamwa kwake nthawi yomweyo. Oyilo wa magiya a final drive, omwe amatenga mphamvu ya mota kukazungulitsa matcheni, timamuyang'ana kawirikawiri ndipo timamusintha pa maola 1,000 alionse, chifukwa ndi wochepa ndipo akadontha magiya amauma mwakachetechete. M'nyengo ya mvula, makamaka tikagwira m'madambo a dothi la makande, woyendetsa saweruka asanachotse matope ozungulira mota, popeza matopewo akauma amalimba ngati njerwa n'kuwononga siilo yotchinga oyilo. Ntchito imeneyi imatenga theka la ola ndi khasu laling'ono, ndipo poyamba ankainyinyirika, koma tsopano amaichita osauzidwa.

Mota yozungulitsa thupi ndi ya kumanja sizinavutepo, ngakhale kuti zinamwako oyilo woipa uja, ndipo ndimaziyezetsa kudontha kwake miyezi itatu iliyonse. Wina atandifunsa ngati ndingagulenso PC200 yakale, ndingavomere, koma ndisanapereke ndalama ndingapite ndi makaniko kuti akayese mota zonse zitatu oyilo atatentha, adule fyuluta ine ndikuona, ndiponso ayendetse makinawo pamalo osalala kuti tione ngati akulunjika. Mvula ya chaka chino isanayambe ndikufuna kusintha mapaipi awiri a pa mkono omwe ayamba kung'aluka khungu.