Kwa amayi a futali ku Zingwangwa: pitani pano masika asanathe

Amene mwakhala mukufunsa za malo aja a ku Zingwangwa omwe Loweruka kumakhala zakudya za lokolo, aziboliboli ndi kabandi, yankho langa ndi ili: pitani, koma pitani pano pomwe masika ali mkati, ndipo mukakafika musakaode tchipisi. Ndaneneratu kuti wina asadzati ndinamupusitsa. Pa 10 ndikuwapatsa 7, ndipo 7 ameneyu wachokera kukhitchini, osati kwa DJ.

Malowo alibe chikwangwani, anthu amangoti kwa amayi a futali, ndipo akabaza a m'deralo amakudziwa. Ndi mpanda wa nyumba basi, kuseri anamanga shedi ya malata, pali mtengo wa mango waukulu, mabenchi ndi mipando ya pulasitiki ija yomwe umakhala mosamala. Mkati mwa sabata ndi lesitilanti wamba ya nsima ya masana, Loweruka ndi pomwe amatsegula geti lonse n'kulola anyamata a zaluso kuyala katundu m'mbali mwa mpanda.

Tiyambe ndi chakudya poti nkhani yagona pamenepo. Amayiwa alibe menyu yolemba, amaphika zomwe zadzadza pamsika sabata imeneyo, ndiye mu Epulo ndi Meyi muno ndi nthawi yomwe khitchini yawo imawala, chifukwa chilichonse ndi chatsopano ndipo sichinadule kwambiri. Mondokwa wophika ndi wowotcha, maungu, mphonda, mtedza wophika, nzama, mbatata, nzimbe zosenda kale za ana, mapeyala aja akuluakulu a ku Thyolo, zonsezi zimakhala pa tebulo limodzi lalitali ndipo umangoloza chomwe ukufuna. Mondokwa nthawi zina samapezeka ndipo musawadandaule amayiwo, zaka zina makhonsolo amaletsa kugulitsa chimanga chachiwisi chifukwa cha umbava wa m'minda, komanso chikangoyamba kuuma ndiye kuti zatha mpaka cha kudimba chidzatuluke.

Futali wawo ndi amene anawatchukitsa ndipo sizabodza ayi. Vuto la futali wa malo ambiri ndi lakuti amaumira nsinjiro, kapena amathira zakale zomwe zayamba kununkha mafuta, kenako mbatata n'kuiphika mpaka kusanduka phala. Kuno mtedza ndi wa chaka chino, amasinja okha mumtondo m'mawa womwewo, umamva ndithu kafungo ka mtedza watsopano, ndipo mbatata imapsa koma zidutswa zikuonekabe, msuzi wake uli wogwirana bwino osati madzimadzi. Amasakaniza mbatata yoyera ndi yofiira mkati ija, yofiirayo ndi yotsekemera komanso yofewa msanga ndiye amaiika mochedwa, ndinawaona ndi maso anga akuchita zimenezo. Sathira shuga, kamchere pang'ono basi. Mbale imodzi ndi kapu ya tiyi wa ku Mulanje, aise, mpaka madzulo sufuna kanthu.

Ku nsima mumasankha mgaiwa kapena woyera. Tengani mgaiwa. Ndiwo zamasamba ndi pomwe amaonetsa kuti anakulira kumudzi: nkhwani wotendera wosadzulidwa bwino wopanda ulusi uja wokola pakhosi, chisoso chomwe sanachichotse kuwawa konse, bonongwe, ndi therere lothira chidulo osati soda wa m'golosale, ndipo kusiyana kwake kumamveka palilime. Masambawa akuti amatenga ku Bvumbwe, tomato ndi anyezi ku Lunzu likakhala tsiku la msika. Nkhuku ya lokolo ilipo, yolimba moyenera, msuzi wake wa tomato ndi anyezi basi popanda zokometsera za m'mapaketi, koma imatha msanga, ikamakwana 1 koloko mumapeza makosi ndi mapazi. Matemba a ku Chilwa ndi mlamba wowamba ndi zomwe ine ndingalimbikitse kwa amene bajeti yavuta, ndipo kunena zoona mlambawo wotendera umaposa nkhukuyo. Kambuzi ali pa tebulo lililonse m'kabotolo, samalani naye, sasewera.

Kalongonda amakhalaponso masiku ena. Amene simunakulire kwa Alhomwe, nyemba zimenezi sizophika mwachibwana, zimafuna kuwiritsa nthawi yaitali n'kumataya madzi kangapo apo ayi zimaledzeretsa ndi kudwalitsa, n'chifukwa chake sindigula kalongonda kwa munthu wongodutsa naye pamsewu. Wa amayiwa ndinadya bwinobwino popanda chizungulire. Ndinawafunsa kuti mayi, ameneyu mwayamba liti kuphika, iwo n'kuseka, amvekere kuyambira dzulo mwanangu.

Thobwa ndi la chimera cha mawere, lofiirira, lolemera, lowawasa pang'ono, osati lija lamadzi lodzadza shuga lomwe amagulitsa m'mabotolo otola. Likakhala la dzulo amakuuzani okha kuti ili layamba kukula, musawapatse ana. Zitumbuwa ndi chigumu ziliponso, zitumbuwa ndi zabwino zikangotuluka m'mafuta, chigumu ndinachipeza chouma.

Tsopano tchipisi. Sindikudziwa anawanamiza ndani kuti malo sangayende popanda tchipisi ndi nkhuku yachizungu, koma apa ndi pomwe mamakisi anga anathawira. Tchipisi chofewa, chomwa mafuta, mafutawo obwereza mpaka kuda, saladi wa kabichi wofota, ndipo mtengo wake ukuposa wa nsima ya mlamba. Anyamata a chiwaya pa siteji iliyonse mu Blantyre muno amakazinga bwino kuposa apa. Chomvetsa chisoni n'chakuti achinyamata ambiri omwe ndinawaona amathamangira tchipisi chomwecho futali ali pompo, kenako n'kumakanena kunja kuti malowo ndi wamba. Nsima yathuyi a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, anailemba pa mndandanda wa chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2017 koma ife eni ake tikakhala pagulu timachita nayo manyazi, zimandinyansa bwanji.

Sevisi ndi yapakatikati. Atsikana operekera ndi aulemu, madzi osamba m'manja amabwera ndi jagi ndi beseni, ofunda, koma anthu akachuluka maoda amasokonekera chifukwa salemba paliponse, amangosunga m'mutu. Ine ndinaoda mgaiwa kunabwera woyera, nditanena achemwaliwo anapepesa n'kukasintha koma ndinadikira mpaka ndiwo kuzizira. Chenji ndi vuto lina, mukapereka 5,000 kwacha pa kanthu kakang'ono konzekani kuyimirira. Bola amalandira Airtel Money ndi Mpamba.

Za luso zija. Aziboliboli ndi omwe aja mumawadziwa, ena amagulitsanso m'tauni cha ku Victoria Avenue, ndipo katundu ndi yemweyo: njovu, mvuu, mipando ya mfumu yopinda, bawo, timakiyi tolemba mayina. Ubwino wake kuno samakuyambira mtengo wa azungu, akaona kuti ndiwe wa konkuno amanena mtengo woti mungakambirane ngati anthu. Komabe nenelerani. Ndipo wina akakuuzani kuti chiboliboli chakuda bii ndi phingo, chinyamuleni kaye, phingo weniweni amalemera kwambiri ndipo nthawi zambiri amakhala ndi kambali koyera, mukachipeza chopepuka pakani chala pansi pake kapena kanunkhizeni, kawirikawiri ndi mtengo wamba wopaka polishi ya nsapato. Sikuti n'choipa, chimakongolabe pa shelefu, koma musalipire mtengo wa phingo. Madala ena omwe amasema bawo anandiuza okha mosabisa kuti lawo ndi la mlombwa, ndipo ndi lomwe ndinagula, maenje ake osalala bwino, sakanda zala. Timabokosi tonunkhira ta mkungudza wa ku Mulanje ndinatiwona pa mphasa ina ndipo sindinagule, inunso musagule chonde, mtengo umenewu ndi wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera pa phiri la Mulanje pokha ndipo watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha kudula komweku.

Ojambula ndiye anandigawa pawiri. Ambiri akujambulabe mayi wasenza mtsuko, dzuwa likulowa pa nyanja, mlambe ndi bwato, zomwe zija takhala tikuziona chiyambire, zopangira mlendo wokwera ndege mawa. Koma panali mnyamata mmodzi, wachete, yemwe wajambula Blantyre yomwe timakhalamo ife, maminibasi atapanikizana pa Wenela, phiri la Ndirande nyumba zitakwera mpaka m'mwamba, mayi wa mandasi akuthawa ndi beseni, ndipo nkhope za anthu akewo ukaziyang'ana umachita ngati ukuwadziwa. Ntchito yake itapachikidwa ku La Caverna, malo oonetsera zojambula a mu Mandala House muja, nyumba yakale ija ya 1882, palibe angadabwe. Apa anangoitsamiritsa ku mpanda, fumbi likugwera, ana akudutsa ndi nzimbe. Eni malo akanamupezera ngakhale kathebulo ndi kamthunzi. Sindinakwanitse kugula chachikulu, koma amapanganso ting'onoting'ono pa pepala lolimba, tomwe munthu wa malipiro a pamwezi angathe.

Amayi a madengu, malichero, nsengwa ndi mikeka ali cha ku geti, ndipo awa ndiye sindinenelera kwambiri, ukaganiza masiku omwe munthu amatha akuluka mkeka umodzi mtengo wake ndi wochepa kale. Lichero yang'anani mkombero, ngati wamangidwa mothina ndiye kuti likhalitsa. Telala wa zitenje aliponso, masiketi ndi zikwama, kusoka kwake kuli bho koma mazipi ndi aja otchipa.

Nyimbo zimayamba cha m'ma 2 koloko. Kabandi kake ndi ka anyamata a zida zopanga okha, banjo ya chigubu cha mafuta, babatoni wa chingwe chimodzi yemwe woyimba amachita kumukhalira, ng'oma ndi tizitsekerero ta mabotolo pa waya, ndipo amaimba mokoma zedi popanda magetsi, moti ngakhale atazima iwo sizimawakhudza. Tsiku lomwe ndinakhalitsa kunabweranso gulu la ana ndi agogo awo kudzavina tchopa, gule wa Alhomwe uja yemwe naye analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, atanyamula zikwama zawo kumsana, fumbi koboo, azimayi akulowa m'bwalo kukafupa. Sizinali zokonzera alendo, ovina ndi owonera amadziwana mayina, ena ndi oyandikana nyumba. Pamenepo ndinasangalala kwambiri.

Kenako DJ. Bandi ikangopuma kuti imwe thobwa, mkuluyu amatsegula masipika mpaka malata a shedi kunjenjemera, mokuti simungamvane ndi munthu yemwe mwakhala naye benchi imodzi, agogo aja amayamba kunyamuka mmodzimmodzi, makanda kulira, iye ali mutu gwedegwede osaona chilichonse. Anthu anamupempha kuti achimwene tatsitsani pang'ono, amatsitsa mphindi ziwiri n'kukwezanso. Ndipo magetsi akazima amalumikiza ku jenereta yomwe anaiika pafupi ndi pomwe anthu akudyera, utsi wonse m'mbale. Malo a mabala ndi ambiri mu Zingwangwa, amene akufuna phokoso sasowa kopita, apa anthu amabwera ndi ana ndi apongozi.

Mowa sagulitsa, ndipo ndikuona kuti n'chifukwa chake pamakhala bata. Chimbudzi ndi chimodzi cha onse, choyera m'mawa, pofika madzulo ndiye mudziwa nokha, pamzere pokhapo mutha kuphonya gule. Madzi osamba m'manja ali m'chigubu cha mpopi ndi sopo, apo ndawayamikira. Pakingi palibe, magalimoto amangoima m'mbali mwa msewu ndipo kamsewu kolowera n'kokumbika ndi mvula yapitayi, wa galimoto yotsika aisiye kumtunda kapena angokwera kabaza.

Nthawi yabwino yofika ndi 11 koloko, mudye futali akadali wotentha, muzungulire za luso dzuwa lisanakwere, nsima 12 koloko nkhuku isanathe, kenako mudikire bandi. Loweruka lomwe Bullets kapena Wanderers ikusewera pa Kamuzu Stadium kumakhala anthu ochepa masana, ndiye ngati simukonda kupanikizana sankhani limenelo, chimodzimodzi sabata ya Trade Fair ku Chichiri, ngakhale nthawi imeneyo aziboliboli ena amasamukira komweko. Tengani juzi, Meyi akamapita kumapeto chiperoni chimatha kutsika nthawi iliyonse ndipo shedi ija ilibe makoma, mphepo imangodutsa. Amene mukufuna kutengera a kunyumba futali kapena thobwa bwerani ndi kontena ndi botolo lanu, majumbo opyapyala aja amayiwa sapereka.