M50, KM53, KM83 ndi 4006: ndinapsa kale, musapse nanu

Aise anthu atatu tsopano andifunsa funso lomweli, eti ndigule maiki iti ya omni (yomva mawu kuchokera mbali zonse) yakale yojambulira okestra kapena kwaya mu holo, ndiye ndalemba kamodzi basi ndatopa kubwereza pa foni.

Neumann M50 ndi mfumu, palibe zokangana. Inatuluka 1951, ka capsule kakang'ono, kachipangizo kotola mawuko, kokhazikidwa pa kampira ka pulasitiki ka 40 mm, ndipo kampirako ndi kamene kamachita matsenga onse: bass imalowa kuchokera mbali zonse koma mawu akuthwa amaloza kutsogolo komanso amakwerako pang'ono, ndiye ukaimika patali pamwamba pa kondakitala ma violin samira mu echo ya holo. A Decca, kampani yojambula nyimbo ku London, ankazikonda pa Decca Tree yawo, kaimikidwe ka maiki zitatu, ziwiri m'mbali ina kutsogolo. Vuto ndi loti umafunika zitatu zofanana mawu ndipo mtengo wa imodzi yokha ndi galimoto yabwinobwino. Ine ndinabwerekako kawiri, kugula ayi.

Chimene ndinagula ndi KM53 ya Neumann yomweyo, ya 1953, yoyendera chubu (valve yokweza mawu) ngati M50. Apa ndiye pali nkhani.

Ndimakhala ku UK, ndinapeza awiri kwa bambo wina ku Germany, zithunzi zokongola, kabokosi kamatabwa, iye akuti zonse zili bwino zangochoka mu situdiyo. Ndinatumiza ndalama. Choyamba chinandiluma ndi VAT ya 20% pofika kuno, paja chiyambire 2021 katundu wochokera ku EU salowanso ulele, ine ndinali nditaiwala ndipo iye sanatchule. Chabwino umenewo ndi umbuli wanga. Koma tsiku lojambula, tchalitchi chozizira, oimba zingwe khumi ndi awiri, tafika pamalo pamene nyimbo imatsikiratu pansi mpaka kumva mpando ukulira, mu mahedifoni kumanzere ndikumva kuthetheka ngati chimanga chokazinga mu chiwaya. Thee, thee, kenako zii, kenako thee. Ndinasintha kebulo, ndinasintha chanelo, thukuta kamukamu m'nyengo yachisanu, kondakitala akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Sizinathe.

Amisiri atatsegula anapeza kuti chubu chake cha AC701 chatha, ndipo power supply, kabokosi koipatsa magetsi, sinali yake yeniyeni, inali yosokedwasokedwa ndi munthu wina ndipo inkapereka moto wopyola 4 volts yomwe chubucho chimafuna. Ndiye kuti chinkapsa pang'onopang'ono kuyambira kale. AC701 ya Telefunken inasiya kupangidwa kalekale, zotsala ndi za m'madirowa a anthu, wogulitsa amangotchula mtengo womwe wautchula ndipo palibe akulonjeza kuti yomwe wagulayo ikhala chete. Yoyamba yomwe ndinapeza inkasokosa nayonso. Bambo uja mameseji anasiya kuyankha, ndalama zinalowa m'madzi ndikuona.

Dziwani kuti chubu chomwechi chili mu ma M50 ambiri komanso mu Schoeps M221B, maiki yakale ya kampani ina. Schoeps yo mawu ake ndi ofewa bwino pa zitoliro, ndimaikonda, koma matenda ndi omwewo ndiye ine ndimangoipatsa moni patali. KM53 ikakhala yamoyo imaimba mokoma ndithu sindikana, kungoti ine ndikaiona mtima umawawa.

KM83 ndi ija anthu amainyoza poti ilibe chubu. Ya Neumann, m'banja la KM80 la 1966, transistor, phantom 48 volts (magetsi odzera mu kebulo ya maiki yomweyo), ulumikiza kebulo basi yayamba. Pa mawu akuthwa imawalako, pafupi kwambiri ndi ma violin imatha kulasa khutu, koma patali mu holo yaikulu ndi momwe imafunira.

Ndiye pali Brüel & Kjær 4006 ya ku Denmark, 1982, yomwe pano imapangidwa ndi kampani ya DPA. Ena amati siyakale mokwanira, kaya zawo izo, zaka makumi anayi ndi zochepa? Iyi sinama. Holo ikakhala yoipa imakuuza, basi ikadutsa panja imakuuza, pedal ya organ imatsika mpaka m'mimba. Amati ndi yozizira ilibe mzimu, mwina, koma ili ndi timagrill tosinthasintha, kasiliva ka pafupi kakuda ka patali, komanso timipira tovekera kumutu tomwe timaipangitsa kuloza ngati M50. Sizifanana ndendende ayi, musandinamizire, koma mtunda wotsalawo si wa mtengo wa galimoto zitatu.

Panopa pa Decca Tree yanga pali ma 4006 atatu ovala timipira ta 40 mm, ma KM83 awiri m'mbali. Kukabwera ntchito ya ndalama zenizeni ndimabwereka M50 kwa masiku awiri, chubu chikathetheka mutu ukhale wa eni ake. Ma KM53 aja ali m'kabokosi kawo pamwamba pa wadiropu, imodzi ikugwira inayo ikudikirabe AC701 yachitatu.