Galimoto yanga imamwa pa pholo la mumsewu

Achimwene ku Chilomoni ataona chithunzi cha galimoto yanga pa WhatsApp anafunsa kuti, "Nanga chingwe chikuchokera papholocho, mwayamba kuba magetsi kumeneko?" Ayi achimwene, ndimalipira, ndipo thumba limamva kuwawa.

Dera lomwe ndimakhala kuno ku London nyumba zake n'zogundizana, ukatsegula chitseko wafika kale mumsewu. Mpanda palibe, geti palibe. Ine ndimachita lendi chipinda cham'mwamba, galimoto imagona m'mbali mwa msewu. Ndinagula yamagetsi yogwirapo kale ntchito chifukwa ntchito yanga yosamalira okalamba ndi yoyenda khomo ndi khomo, ndipo chiyambire August 2023 galimoto yotulutsa utsi wambiri imalipitsidwa mapaundi 12.50 patsiku ikayenda paliponse mu London. Yanga yadizilo ija inali m'gulu lomwelo.

Ndiye anthu opanda bwalo ngati ine timatchaja kuti? Makhonsolo anagwirizana ndi makampani n'kuika masoketi m'mapholo a nyale za mumsewu. Kachibowo kake n'kakang'ono, kali cham'mawondo, moti mlendo angadutse osakaona. Umabwera ndi chingwe chako, kulumikiza, kulipira pafoni, basi. Mphamvu yake ndi yochepa, cha m'ma 5 kW, choncho galimoto imayamwa pang'onopang'ono usiku wonse. Zotchajira zothamanga ziliko, koma mtengo wake ndi wa tsiku la mavuto.

Chimene sanandiuze pogula n'chakuti pholo lilibe mwini. Mumsewu mwathu malo oyandikana nalo aliyense akhoza kuimikapo, ngakhale wa petulo. Tsiku lina m'nyengo yozizira ndinaweruka cha m'ma 10 usiku, kamvula kakuwaza, ndinapeza chivani cha munthu wina chatsamira papholo langa. Ndikuti "langa" ngati ndinadzala ndine. Ndinazungulira misewu itatu, ndinapeza lina, ndinalumikiza zala zitauma gwa, n'kubwerera wapansi. M'mawa ndikupita, kanyale kofiira kali phethiphethi, batire ili pomwe ndinaisiya. Agogo ena anadya chakudya cham'mawa mochedwa tsiku limenelo chifukwa cha ine.

Koma chondiwawa kwenikweni ndi msonkho. Wotchajira kunyumba kwake amalipira VAT ya 5 peresenti, ife a mumsewu 20 peresenti. Magetsi omwewo! Mnzanga wina wa ku Zomba, yemwe amakhalanso kuno, ali ndi kabwalo kutsogolo kwa nyumba, amatchaja pakati pa usiku mtengo utatsika, ali mtulo. Amene ali ndi nyumba yabwino ndi yemwenso amayenda motchipa.

Achimwene, munati nditumize yoteroyo kuti muleke kugona pamzere wa mafuta. Ndaliganizira. Ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe ingakhale bwino, galimoto imalowa mumpanda, soketi ili pakhonde. Koma kwanu kuja, kumene galimoto mumaisiya kwa aneba kumtunda chifukwa njira inakumbika ndi madzi, chingwe chidzachokera kuti? Ndipo mukukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana atawononga Kapichira. Yambani mwafunsa aneba aja ngati angalole kuti mayunitsi awo azimwedwa ndi galimoto yanu, mundiuze zomwe ayankhe.