Komiki ya 1963 imene ndinaikonza ndi guluu

Inu a kumudzi mumadziwa kale kuti zovala ndi nsapato zimene ndimatumiza m'dilamu zija sindigula m'masitolo akuluakulu. Kuno ku Leeds, Lamulungu lililonse nyengo ikafunda, azungu amasonkhana pabwalo kunja kwa tauni, aliyense n'kutsegula buti ya galimoto, kuyala tebulo, n'kumagulitsa katundu amene watopa naye m'nyumba. Dzina lake amati car boot sale, koma ndi kaunjika basi, kungoti wogulitsayo ndi mwini katunduyo. Ndimafikako mbandakucha ndikangoweruka ku ntchito yausiku yosamalira okalamba, maso ali psuu.

Tsiku lina pansi pa tebulo la mayi wina panali katoni ya timabuku ta nkhani za m'zithunzi, timene kuno amati makomiki. Anati anali a malemu mchimwene wawo, ndipo akhala kudenga zaka zambirimbiri. Ndinapereka mapaundi khumi ndikuganizira mwana wanga wa zaka zisanu ndi zinayi, amene kuwerenga amachita kumukakamiza. Ambiri anali a konkuno, Beano ndi 2000 AD, koma pansi penipeni panali angapo a ku America. Imodzi inali ya Spider-Man, ya 1963. Pachikuto panalembedwa mtengo woti 9d, ndalama zakale zija za mapeni ndi mashereni zimene nafenso tinkagwiritsa ntchito kwacha isanabwere mu 1971. Agogo akanati matiki atatu.

Inali yotopa ndithu. Msana wake unali utayera chifukwa cha kupindapinda, ngodya ya m'munsi itang'ambika, m'mphepete mutanyenyeka ngati modya njenjete, ndipo timawaya tiwiri togwira masamba tinali ndi dzimbiri.

Tsono mukudziwa mmene tinaleredwera. Kupulaimale ku Dowa kope lopanda chikuto linkakukwapulitsa, ndiye tinkakuta ndi pepala la thumba la simenti. Ndowa ikabooka inkapita kwa wokhoma zidebe, nsapato ikayasama inkasokedwa, ndipo bambo anga wailesi yawo anaimanga ndi mphira mpaka inakalamba nawo limodzi. Chinthu chowonongeka chikakhala m'manja mwanga, manjawo amayabwa. Usiku wina ndili pa ofu ndinakhala patebulo la kukhitchini. Ndinatenga guluu woyera wa ana asukulu n'kumapaka pang'onopang'ono ndi kamtengo ka machesi pong'ambika paja. Ndinatenga peni yakuda ya inki n'kudetsa mizere yoyera ya pamsana, umodziumodzi, lilime lili panja. Kenako sizasi, kuwongola m'mphepete monyenyeka muja. Nditamaliza ndinaiyang'ana n'kudzitama ndekha. Inaoneka ngati yabwerera kumbuyo zaka makumi atatu.

Mnzanga wina wa kuntchito, mzungu wokonda zimenezi, ataona chithunzi pafoni yanga anadzidzimuka, nati ndipite nayo kusitolo ya makomiki akale msangamsanga. Za guluu sindinamuuze, poti sindinaone chachilendo.

Mwini sitoloyo ndi bambo wachikulire wa ndevu zaimvi. Anayamba wasamba m'manja n'kupukuta bwinobwino. Anaigoneka pagalasi, n'kuitsegula pakati penipeni kuti aone ngati timawaya tija tikugwirabe, kenako anawerenga masamba onse 32 kuti atsimikize kuti palibe lothothoka kapena podulidwa. Anainunkhizanso. Mpaka apo ankamwetulira. Ndiye anatsegula chikuto n'kuyang'ana kuseri kwake, pamene panali timadontho takuda totsatana m'munsi mwa msana: inki yanga inali itabooleza pepala. Anazimitsa nyale, n'kuyatsa katochi kowala mwa pepo, ndipo pamene ndinapaka guluu panaonekera mosiyana ndi pepala lonse. Anaiyerekeza ndi ina ya chaka chomwecho, yangayo n'kupezeka yaifupi pang'ono mbali imodzi.

"Wagwira bukuli ndani?"

"Ndine, bwana. Ndimalikonza."

Anavula magalasi n'kukhala pansi. Sanandikalipire. Anangonditenga ngati mwana wa Sitandade 1 n'kuyamba kundiphunzitsa, ndipo ndinatuluka m'sitolomo patatha maola awiri.

Amene munalimapo fodya mumva msanga. Bambo anga ankakhala m'chigafa masiku ambiri akusankha bale, tsamba ndi tsamba, kuyang'ana mtundu, utali ndi kung'ambika, chifukwa ku okushoni ku Kanengo mtengo umatsata giredi. Makomiki nawonso ndi chimodzimodzi. Ku Sarasota, m'chigawo cha Florida ku America, kuli kampani yotchedwa CGC imene inayamba kupima makomiki m'chaka cha 2000. Munthu amatumiza buku lake, iwo n'kuliunika, kulipatsa malikisi kuyambira 0.5 mpaka 10, n'kulitsekera m'chikasha cha pulasitiki cholimba chokhala ndi lebulo pamwamba. Amayang'ana msana, ngodya, kuwala kwa chikuto, timawaya, ngakhalenso mtundu wa masamba, kaya ndi oyera, ofiirira kapena ofumbutuka moti ukapinda amathyoka. Buku looneka ngati langotuluka kumene m'makina limapeza 9.8. Lowerengedwa bwino koma losamalidwa limagwera cha m'ma 5 kapena 6. Langa lija, bamboyo anati, ndisanaligwire likanapeza cha m'ma 2 kapena 3, ndipo pa Spider-Man wa 1963 zimenezo si zochititsa manyazi.

Nkhani yagona pa mtundu wa lebulo. Yabuluu ndi ya buku limene palibe anawonjezerapo kanthu. Yobiriwira ndi ya buku labwino koma lokhala ndi chilema chimodzi chachikulu. Chitsanzo chimene aliyense amatchula ndi Incredible Hulk nambala 181 ya 1974, yotchuka chifukwa cha Wolverine, mmodzi wa anthu otchuka a m'nkhanizi, imene ana ambiri ankadulamo kasitampa ka mkati. Ndiye pali yapepo, ya buku lokonzedwa: lopakidwa utoto, lomatidwa ndi guluu, loikidwa chigamba cha pepala, lolimbitsidwa msana. Osonkhanitsa makomiki anaipatsa dzina loti lebulo ya imfa. Kuyambira 2014 amalembaponso luso la wokonzayo ndi kuchuluka kwa ntchito yake: A ndi katswiri, C ndi wongoyerekeza, ndipo manambala amayambira 1, kukonza pang'ono, mpaka 5, pamene bukulo lachita kumangidwanso. Ine ndi peni yanga tinali a C osachita kufunsa.

Chinandipweteka kwambiri ndi sizasi. Guluu nthawi zina akatswiri amatha kumuchotsa. Utoto wina amaupala, ngakhale kuti pamatsala bala ndipo malikisi amatsika. Inki yolowerera ngati yangayo ndiye yovuta. Koma pepala lodulidwa silimeranso. Buku likadziwika kuti linadulidwa m'mphepete, mawu amenewo amalembedwa palebulo mpaka kalekale, ndipo ogula ambiri amaliona ngati lachinyengo, popeza anthu amadula dala kuti ngodya zioneke zakuthwa.

Ndinafunsa kuti nanga ndikanamata selotepi? Anaseka. Selotepi, anati, amaiwerenga ngati chilema wamba, monga dothi kapena kung'ambika. Imatsitsa malikisi, imawononganso pepala pakapita zaka, koma lebulo imakhalabe yabuluu. Ndiye kuti waulesi womata selotepi akanandiposa ine amene ndinachezera usiku ndi kamtengo ka machesi. Chinanso chodabwitsa n'chakuti kusita buku n'kololedwa. Pali anthu amene ntchito yawo ndi kuika komiki m'makina otentha kuti makwinya athe, n'kupukuta dothi ndi chofufutira chouma, ndipo buku likakwera kuchoka pa 9.2 kufika pa 9.6 palibe amene amati lakonzedwa, chifukwa sanawonjezerepo kanthu ndipo sanachotsepo kanthu. Ine apa mpaka lero ndimaona kuti malire ake anawaika pamene pawakomera eni malonda. Musayese ndi nsimbi yamakala, chonde.

Komabe chifukwa chake chenicheni ndinachimvetsa. Kale, makampani opimawa asanabwere, ogulitsa ena ankakonza mabuku mwakachetechete n'kuwagulitsa ngati osagwidwa, ndipo anthu ambiri anapusitsidwa ndalama zambiri. Zili ngati mlimi wobisa fodya woipa pakati pa belo, wabwino ali pamwamba: akagwidwa mmodzi, ogula amayamba kukayikira mabelo onse. Ndiponso chimene anthuwa amagula si nkhani ya m'bukumo, poti nkhaniyo inasindikizidwanso kambirimbiri ndipo ungaipeze motchipa. Amagula kupulumuka kwa pepalalo. Makomiki ankasindikizidwa papepala lotchipa la nyuzipepala lokhala ndi asidi, loti liwerengedwe sabata imodzi n'kutayidwa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ambiri anasonkhanitsidwa pamodzi ndi mapepala ena akale kuti akagwire ntchito zina, otsalawo amayi anataya poyeretsa m'nyumba, monga mmene kwathu nyuzipepala imathera kukulunga mandasi ndi kupichira chingambwe. Limene ladutsa zonsezi lili bwinobwino ndi losowa. Utoto wanga umangonamizira kupulumuka kumene sikunachitike.

Ndalama zake n'zoziziritsa nkhongono. Action Comics nambala 1 ya 1938, mmene Superman anaonekera koyamba, inkagulitsidwa masenti 10. Mu April 2024 imodzi ya malikisi 8.5 inagulidwa madola 6 miliyoni pa okushoni ya kampani ya Heritage. Amazing Fantasy nambala 15 ya 1962, chiyambi cha Spider-Man, ya malikisi 9.6, inapita pa madola 3.6 miliyoni mu 2021. Koma nkhani imene bambo uja anandisimbira pofuna kunditonthoza ndi ya ku Minnesota, ku America, mu 2013. Munthu wina akukonza nyumba yakale anapeza Action Comics nambala 1 mkati mwa khoma, pakati pa nyuzipepala zimene anatsekera kuti m'nyumba muzifunda. Polimbirana ndi wachibale, chikuto chakumbuyo chinang'ambika. Linapatsidwa 1.5, n'kugulidwabe madola 175,000, long'ambika chomwecho, popanda womata. Sindinatonthozeke kwenikweni.

Anandiuzanso kuti mabuku a m'ma 1930 ndi 1940, amene atsala owerengeka, ngakhale okonzedwa amapezabe ogula a ndalama, makamaka ngati anakonza ndi katswiri. A m'ma 1960 kubwera kuno alipo ambiri osagwidwa, ndiye wogula alibe chifukwa chovutikira ndi lapepo. Langalo linalinso ndi vuto lina laling'ono: makope a mtengo wa mapeni, odzagulitsa kuno, anasindikizidwa ku America komweko pamodzi ndi a mtengo wa masenti 12, ndipo analipo ochepa, koma msika nthawi zambiri umawaika pansi pang'ono poyerekeza ndi a masenti.

Musaganize kuti komiki iliyonse yakale ndi chuma, chifukwa ndikudziwa kuti wina wayamba kale kuganizira za thilanki ya amalume. Katoni yonse ija, kupatula Spider-Man ndi ena awiri, bamboyo anati ndingomupatsa mwana awerenge. Beano za m'ma 1980 zili mbwee m'nyumba za kuno. X-Men nambala 1 ya 1991 inagulitsidwa makope oposa 8 miliyoni, anthu ambiri n'kusunga m'mapulasitiki poganiza kuti adzalemera, ndipo chifukwa aliyense anasunga, lero ndi yotchipa. Chimakweza mtengo ndi kusowa, kuoneka koyamba kwa munthu wotchuka wa m'nkhanizo, ndi giredi. Pa eBay, msika wa pa intaneti, musamayang'ane mtengo umene wogulitsa akufuna, aliyense akhoza kulemba miliyoni. Muziyang'ana umene wina analipiradi. Buku la mitengo la Overstreet, limene limatuluka kuyambira 1970, limathandiza, koma msika umathamanga kuposa buku. Kupimitsa nakonso n'kolipira, kuphatikizapo positi ndi inshuwalansi, moti pa buku lotchipa umangotaya ndalama.

Pomaliza ananditchulira mitengo iwiri: umene akanandipatsa ndikanabwera nalo long'ambika ndi dzimbiri lake, ndi umene angandipatse tsopano. Wachiwiriwo sunafike ngakhale theka la woyamba. M'mutu mwanga ndinasandutsa kusiyanako kukhala malata a nyumba ya amayi ija, ndipo ndinaleka kuwerenga ndisanafike kumapeto. Mnzanga wina wa kwathu konkuno anandiuza kuti ndingoiika pa intaneti osatchula za guluu, wogula adzaonera yekha. Ndinaganizapo usiku umodzi, sindinama. Koma inki ija imaoneka ukangotsegula chikuto, ndipo wogula akadandaula ndalama zimabwezedwa, dzina lako n'kuipa.

Spider-Man uja sindinamugulitse tsiku limenelo. Ena awiri aja, amene mwamwayi tulo tinandigwira ndisanawafikire ndi peni, bamboyo anawagula pamtengo wabwino, ndipo ndi amene analipira theka la dilamu ya Khirisimasi ija munalandira. Anandipatsanso kathumba ka pulasitiki ndi kakatoni kolimbitsa kumbuyo, n'kundiuza kuti ndisunge pouma, posafika dzuwa. Spider-Man ali m'dirowa ya kuchipinda. Mwana wanga amaloledwa kumutulutsa Loweruka akasamba m'manja, ndipo wawerenga kale kanayi. Sabata yatha anandiitana kuti ndidzaone pamene peni yanga inaphonya mzere n'kudetsa chala cha munthu wa pachikuto.