Maenvulopu a khaki ndi khomo la khonsolo kuno ku England

Abale anga kumudzi, pali funso lomwe simutopa kundifunsa pa WhatsApp: "Kodi n'zoona kuti kumeneko boma limalipira anthu ngakhale akungokhala?" Nthawi zambiri uthenga umandipeza ndili pa shifiti, ndiye ndimangoyankha patalipatali. Lero ndapuma. Ndiyambire pa zomwe ndinaona ndi maso anga pa khomo loyandikana ndi langa.

Ndimakhala kumpoto kwa England, ndimasamalira okalamba. Oyandikana nane ndi mayi ena achizungu a zaka za m'ma 50, omwe ankakolopa m'masukulu mpaka msana unawakana. Nyumba yawo ndi ya khonsolo, zipinda zogona zitatu, momwe analereramo ana awiri. Anawo anakula, aliyense analowera kwake. Tsiku lina m'nyengo yachisanu ndinawapititsira mandasi. Ndinawapeza atavala jekete ndi chipewa m'nyumba momwemo, chotenthetsera chili chozima, pathebulo pali mulu wa maenvulopu a khaki osatsegula. Kuno envulopu ya khaki imachokera ku boma, ndipo ikagwa pakhomo ena mtima umawathamanga. Anandiuza motsitsa mawu kuti ali m'ngongole ya lendi ndipo tulo sakutiona.

Chinawagwetsa ndi zipinda ziwiri zopanda anthu zija. M'chaka cha 2012, nthawi ya nduna yaikulu David Cameron, nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lotchedwa Welfare Reform Act, ndipo kuyambira mu Epulo 2013 munthu wa msinkhu wogwira ntchito wokhala m'nyumba ya khonsolo amadulidwa thandizo la lendi ngati ali ndi chipinda chotsala. Chipinda chimodzi amadula 14 pa 100 iliyonse, zikakhala ziwiri kapena kuposa amadula 25. Anthu amangoti bedroom tax, kutanthauza msonkho wa chipinda chogona. Ndiye ngati lendi ndi mapaundi 100 pa sabata, mayi ngati awa ayenera kufunafuna okha mapaundi 25 sabata iliyonse, kuchotsa pa kandalama ka chakudya ndi magetsi. Kwathu chipinda cha mwana chimadikira mwini wake, mwina mugona mlendo, mwina musunga chimanga. Kuno chimasanduka ngongole, ndipo zimenezi mpaka lero sizinandilowe.

Chaka chomwecho cha 2013 zinasintha zambiri. Anaika malire a ndalama zomwe banja limodzi lingalandire. Thandizo la msonkho wa khonsolo analithetsa n'kuuza khonsolo iliyonse kuti ipange lake, koma ndalama yake atadulako 10 pa 100, moti osauka ambiri omwe sankapereka msonkhowu anayamba kulandira mabilu. Tingongole tadzidzidzi tomwe boma linkapereka nato anatithetsa, udindo n'kuutula kwa makhonsolo. Kenako kunabwera Universal Credit, yomwe inaphatikiza mitundu isanu ndi umodzi ya thandizo kukhala umodzi, koma ukalembetsa umadikira masabata asanu ndalama yoyamba isanalowe. Masabata asanu mwininyumba sakudikira, m'mimba namo simukudikira.

Malamulowa amapangidwira ku nyumba ya malamulo ya Westminster ku London, ndalama imatuluka ku unduna woona za ntchito ndi penshoni wotchedwa DWP, koma munthu zikamuthina amakalirira pa khomo la khonsolo. Makalata aja tinawatsegula limodzi, imodzi ndi imodzi, tiyi akuzizira. Mawa lake ndinawaperekeza ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu waulere, komwe anatiuza za thumba lotchedwa Discretionary Housing Payment. Inali ndalama yomwe khonsolo inkatha kuwonjezera pa lendi ya munthu amene kudulidwa kuja kwamufinya. Fomu yake inkafuna uvule zonse: masitetimenti a ku banki, ndalama ya gasi, ya basi, ya sopo, ngakhale ya foni. Mayi aja anafika pa tsamba la chakudya n'kuika cholembera pansi. Anati moyo wawo wonse sanapemphepo. Ndinawauza kuti, "Mayi, msonkho mwakhala mukudula zaka zonsezi, lero kwagwa inu, lembani." Analemba.

Patapita masabata angapo yankho linabwera: khonsolo ikwanitsa gawo losowalo kwa miyezi isanu ndi umodzi. Tinazindikiranso kuti sanapemphe kuchotseredwa msonkho wa khonsolo, chifukwa ankaganiza kuti Universal Credit imatenga zonse, chonsecho kuchotseredwako kumapemphedwa pakokha. Anawapatsanso kuponi yogulira chakudya ndi yothirira mayunitsi m'mita, yochokera ku Household Support Fund, thumba lomwe boma linayamba kupatsa makhonsolo mu Okutobala 2021 zinthu zitayamba kukwera mtengo. Madzulo amenewo ndinaona nthunzi ikutuluka pa paipi ya chotenthetsera chawo, mtima wanga unakhala pansi.

Koma musamve ngati nkhani yatha bwino. Thandizo limeneli si ufulu wako, ndi chifundo cha ofesi. Thumba likauma chaka chisanathe, lauma. Khonsolo ina imapereka, yoyandikana nayo imakana, pa vuto lofanana. Amakuuza kuti usamukire m'nyumba yaing'ono, koma nyumba za chipinda chimodzi n'zochepa ndipo mzere wake ndi wautali. Ku Scotland boma lakumeneko limakwirira bedroom tax yonse, pomwe kuno munthu amapempha mobwerezabwereza. Makhonsolo nawonso akupuma movutikira: ya Birmingham, yaikulu kuposa onse, inalengeza mu Sepitembala 2023 kuti ndalama sizikukwana, ya Nottingham n'kutsatira mu Novembala. Ine ogwira ntchito kumeneko sindiwada. Ndinawaona akuyesetsa, koma apatsidwa lichero kuti atungire madzi.

Ndimakumbuka Mtukula Pakhomo kwathu, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006. Ili ndi mavuto ake, koma kumudzi anthu amadziwa kuti pakhomo pakuti moto sunayake masiku awiri. Kuno zitseko n'zotseka, makatani n'otseka. Usanapite wekha kukagogoda, palibe angadziwe kuti ukugona ndi njala.

Tsopano mbali yomwe ndikufuna mumvetsetse, makamaka inu amene mukugulitsa minda kuti mwana abwere kuno. Zonse ndatchulazi ife ambiri sizitikhudza. Pa viza yanga panalembedwa kuti no recourse to public funds, kutanthauza kuti thumba la boma ndisaligwire. Universal Credit si yanga, nyumba ya khonsolo si yanga, thandizo la lendi lija si langa, ngakhale msonkho amandidula mwezi ndi mwezi ndipo wa khonsolo ndimapereka. Ukalandira mosadziwa, zikhoza kukuonongera mapepala pokakonzanso viza. Safunsa anadya phula: usanasayine fomu iliyonse, kaonane kaye ndi mlangizi wovomerezeka pa nkhani za viza.

Komabe pali timakomo tochepa tomwe anzathu ambiri satidziwa. Wokhala yekha m'nyumba amachotseredwa 25 pa 100 ya msonkho wa khonsolo, ndipo zimenezo viza siiletsa. Kuyambira mu Epulo 2022 ana a mabanja opeza zochepa okhala ndi chiletso chimenechi atha kudya chakudya chaulere kusukulu ku England. Malo ogawa chakudya ngati a Trussell ndi a mabungwe achifundo, si a boma. Khomo lalikulu ndi gawo 17 la Children Act ya 1989, lomwe limakakamiza khonsolo kusamalira mwana aliyense wovutika m'dera lake, mosayang'ana mapepala a makolo.

Ndinaona lamuloli likugwira ntchito pa mchemwali wina wa kutchalitchi kwathu. Kampani yomwe inamubweretsa inalandidwa chilolezo cholemba ntchito anthu akunja, iye n'kupatsidwa masiku 60 kuti apeze ena omulemba. Malipiro anaima, mwininyumba anamuthamangitsa, ali ndi mwana wa zaka zinayi. Anagona pansi m'nyumba za anzathu masabata atatu, akukana kupita ku khonsolo poopa kuti amulanda mwana. Mantha amenewo ali ponseponse pakati pathu. Titamulimbitsa mtima anapita ndi mlangizi. Anamufunsa mafunso ambiri, ena opweteka, anaona masitetimenti ake onse, ndipo anamuuziratu kuti adzafunsa za mapepala ake ku Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko. Mwana sanamulande. Anawapatsa chipinda chimodzi ndi kandalama ka chakudya sabata iliyonse, kochepa kwambiri, ife tikumawonjezera ufa, nyemba ndi matewera, mpaka anapeza ntchito ina. Nthawi yonseyo kumudzi ankamuimbira foni kufunsa ya feteleza, iye osanena kanthu. Chonde abale, mwana wanu akachedwa kutumiza, muyambe mwamufunsa ngati wadya.

Miyezi isanu ndi umodzi ya mayi oyandikana nane ikutha mwezi wamawa, ndipo nyumba yaing'ono ija sinapezekebe. Lachinayi ndikaweruka tikhalanso pathebulo paja kulemba fomu yatsopano. Masiku ano envulopu ya khaki ikagwa amaitsegula tsiku lomwelo, n'kundigogodera pakhoma kuti tiwerenge limodzi.